Kagalimoto ka rimoti kakukanika mumchenga: tiikemo mota yanji ndalama zili zochepa?

Wa mafoni, Mchinji boma:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Aphunzitsi ena a kuno ku boma abweretsa kagalimoto ka rimoti ka mwana wawo komwe anagula pa kaunjika. Mota yakumbuyo yapsa, ndaitsegula ndapeza mabulashi anatheratu. Ndi ija yaing'ono yafulati, ya saizi 130. Kamayendera mabatire anayi a AA, pa rimoti palembedwa 27MHz, pa bolodi pali chip ya RX-2B yolandira malamulo a rimoti. Iwo akuti poti tatsegula kale tisabwezeremo yofanana, akufuna yamphamvu, chifukwa pakhomo pawo ndi pamchenga ndipo kamangolira osasuntha. Ali ndi K15,000 basi, ya zipangizo ndi ntchito yomwe. Pano ndili ndi mota ya pulinta yakufa ndi ina ya drill ya 12V. Iti ingagwire?

Wa mawayilesi, Kamwendo:
Mwana wanga, zonse ziwirizo zibwezere m'katoni. Ya drill ndi ya saizi 550, shaft yake ndi 3.17mm pomwe kagiya ka kagalimotoko kanabooledwa 2mm. Ngakhale utakakamiza kuti ilowe, ikamadzuka imakoka moto woposa ma amp khumi, ndipo magiya apulasitikiwo atha mano tsiku lomwelo. Zili ngati kumanga injini ya chigayo pa njinga ya kabaza. Ya pulinta nayo inalukidwa kuti iziyendera 12V kapena 24V, ukaipatsa 6V izingozungulira mwaulesi, mwana adzati bola yakale ija.

Koma usanafune mota, yang'ana pafupi ndi pomwe mawaya a mota amatulukira pa bolodi. Pali timatransistor tingati, ndipo talembedwa chiyani?

Wa mafoni, Mchinji boma:
Madala, ndaona. Pali tinayi takuda, tiwiri S8050, tiwiri S8550. Kena kachita kufuwa pamwamba koma pa mita kakuwerenga bwino.

Wa mawayilesi, Kamwendo:
Ndiye nkhani yagona pamenepo. Tinayito ndi tomwe timatembenuza moto kuti galimoto ipite kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo moto wonse wa mota umadutsa mwa ito. Sitipirira ngakhale amp imodzi kwa nthawi yaitali. Kofuwako kakukuuza kuti ndi mota yakale yomwe kanali kakuvutika kale galimoto ikatitimira mumchenga. Mota iliyonse yamphamvu kuposa 130 imene ungalumikize pa mawaya omwewo iwotcha bolodi, ndipo bolodi ikapsa kagalimotoko katha, chifukwa ina yogwirizana ndi rimoti imeneyo kuipeza kwake n'kovuta. Anthu ambiri amathamangira mota, koma mota, batire ndi njira yodutsa moto zimayenera kukwera limodzi.

Wa magetsi a galimoto, Mkanda:
Madala anena zoona. Ine ndili ndi timamota ta central lock tambiri, tija timatseka zitseko za galimoto. Tambiri ndi FC-280, shaft 2mm, mabulashi a kaboni, mphamvu yokoka ilipo ndithu. Vuto ndi lakuti tinapangidwira kugunda kamodzi n'kupuma. Tina tili ndi kachitsulo mkati mwa chivindikiro komwe kakatentha kamachepetsa moto, ndiye galimoto ingayende pang'ono n'kufooka yokha. Kachitsuloko kamatheka kukalumpha ndi waya. Komanso thupi lake ndi lonenepa kuposa 130, mufunika kusema pulasitiki pomwe imakhala. Mukafuna ndikupatsirani pa minibasi, sindikulipiritsani.

Wophunzira ntchito, Mwami:
Mabwana, pepani kulowerera. Nanga bwanji osangoika mota ya brushless, ija yopanda mabulashi? Ndimaona pa YouTube zimathamanga koopsa.

Wa ma solar, Kapiri:
Achimwene a ku Mwami, brushless ili ndi mawaya atatu ndipo siyenda popanda ESC, kabolodi kowongolera liwiro lake. ESC nayo imafuna risiva yotumiza chizindikiro cha mtundu wina, chomwe RX-2B situlutsa. Ndiye mugula mota, ESC, risiva, rimoti yatsopano ndi servo ya chiwongolero, kuitanitsa ku Lilongwe kapena kuwoloka kupita ku Chipata. Ndalama ya aphunzitsiyo ithera pa chinthu chimodzi. Zomwe mumaonazo ndi magalimoto ena, okhala ndi magiya achitsulo.

Ine maganizo anga ndi mota ya 180. Kutsogolo kwake ndi chimodzimodzi ndi 130, yafulati, shaft 2mm, kungoti ndi yotalikirapo ndi mamilimita pafupifupi 7. Imalowa m'malo omwewo mukangodula kakhoma kakumbuyo, ndipo kagiya kamakumana ndi kanzake pomwe kamakumanira kale. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa 280 ya achimwene a ku Mkanda ikasuntha pang'ono chabe mano sagwirana bwino ndipo amadyana.

Wophunzira ntchito, Mwami:
Mayi, 180 ndaionapo m'makina ometera otchaja. Ku mababashopu akufa amangowataya.

Woluka mamota, Walilanji:
Alimo, koma samalani pawiri. Choyamba, a m'makina ometera ambiri analukidwira batire imodzi kapena awiri aang'ono, 2.4V mpaka 3.7V. Mukawapatsa 8V athamanga kowirikiza n'kupsa. Chachiwiri ndi mabulashi. Ngati ndi ya kampani ya Mabuchi, werengani zilembo. Chilembo choyamba F chikutanthauza yafulati, R yozungulira. Chachiwiri ndicho cha mabulashi: FA ndi FF ndi tizitsulo topyapyala, FC ndi FK ndi kaboni. FA-130 ndi yomwe ili m'zidole zambiri, n'chifukwa chake yanuyo inatha mabulashi. Pa ntchito ya mumchenga funani ya kaboni. Ngati sinalembedwe, pindani timakutu tiwiri tija, chotsani chivindikiro muone ndi maso. Kaboni amaoneka ngati kanjerwa kakuda kunsonga kwa kachitsulo.

Ena amakonda kumasula waya wa 130 n'kulukanso ndi waya wonenepa, mizere yochepa. Imathamangadi, ndimachita nawo ana a sukulu akabwera kudzaona ntchito. Koma liwiro limenelo limabwera ndi njala ya moto, ndipo mabulashi achitsulo aja sapirira. Kwa kasitomala wolipira sindingachite.

Mukapeza mota, iyezeni ma ohm pa mapini ake awiri, muzungulitse shaft pang'onopang'ono, mutenge nambala yotsika, muchotsepo ya mawaya a mita. Gawani mavoti a batire ndi nambala imeneyo. Yankho lake ndi moto womwe idzakoke matayala akakanirira.

Wa mafoni, Mchinji boma:
Zikomo nonse. Ndinapita kwa mayi wogulitsa zidole za kaunjika uja, ali ndi thumba la zothyoka zopanda rimoti. Ndapezamo kagalimoto kosweka chasesi kolembedwa 6V, mkati muli 180. Sinalembedwe dzina koma ndatsegula, mabulashi ndi a kaboni ndipo akadali aatali. Pa mita ikupereka 1.5 ohm nditachotsa ya mawaya. Tsono batire ndi bolodi ndichite bwanji?

Wa ma solar, Kapiri:
Mwapeza chinthu chabwino. Batire ikani ma 18650 awiri, aja a lithium, motsatizana. Imodzi ndi 3.7V, ikadzadza 4.2V, ndiye awiri ndi 8.4V pachiyambi, n'kumatsika cha ku 7.4V. Mwa masamu a bambo a ku Walilanji, 8.4 kugawa ndi 1.5 ndi 5.6A. Mwaona kuti S8050 sangayandikire n'komwe. Mabatire a AA otchipa aja nawonso sangatulutse moto wotere, amangogwa mavoti, ndipo mwina theka la kufooka kwa kagalimotoko linali limenelo.

Ma 18650 chotsani m'batire ya laputopu yakufa, kawirikawiri mumafa awiri ena ali bwino. Sankhani awiri a mtundu umodzi, muwatchaje, muwasiye agone, mawa lake muyeze. Amene watsika yekha musamuike. Amene munamupeza ali pansi pa 2.5V, kapena wachita dzimbiri, kapena wang'ambika chikopa, ayi. Ichi chikupita m'manja mwa mwana.

Wa mawayilesi, Kamwendo:
Tsopano mvetsera bwino za bolodi, chifukwa apa ndi pomwe ndalama ipulumukire. Bolodi isiye ntchito yonyamula moto wa mota, ingokhala yolamula. Onyamula akhale ma relay awiri a 5V, aja abuluu a miyendo isanu olembedwa 10A.

Mawaya awiri omwe amapita ku mota yakale, tiwatche A ndi B. Koyilo ya relay yoyamba, mwendo umodzi ku A, wina ku negative. Koyilo ya yachiwiri, umodzi ku B, wina ku negative. Pa koyilo iliyonse ika diode, 1N4007 kapena 1N4148, mbali ya mzere iloze ku A kapena ku B, kuti moto wobwerera koyilo ikamazima usabaye transistor. Kenako COM (mwendo womwe umasinthasintha mbali) ya relay yoyamba ku pini imodzi ya mota, COM ya yachiwiri ku pini inayo. Ma NC onse awiri (miyendo yogwirana ndi COM relay ikapuma) ku negative ya batire, ma NO onse awiri (yogwirana ndi COM relay ikagunda) ku positive. Mwana akakankha kutsogolo, A imakwera, relay yoyamba imagunda, mota imalandira 8V molunjika kuchokera ku batire. Akabweza, yachiwiri imagunda, moto umatembenuka. Koyilo imadya cha m'ma 70mA, transistor yofuwa ija ipuma.

Njira imeneyi ikutheka chifukwa RX-2B ilibe liwiro lapakati, ndi kuyatsa ndi kuzimitsa basi, ndiye palibe chomwe ukutaya. Pa magalimoto omwe liwiro limakwera pang'onopang'ono ukamafinya, relay imangonjenjemera, osayesa.

Wa magetsi a galimoto, Mkanda:
Ma relay a mu UPS ndi mu fridge guard ambiri ndi a 12V, werengani pamwamba musanazule. A 5V amapezeka pa timabolodi ta Arduino tija. Ndipo ikani fyuzi pa positive pafupi ndi batire. Ikhale ya 3A ya galimoto, ija yapepo.  Mwana amakakamiza galimoto pakhoma chala chili pa rimoti, ndiye bola fyuzi iduke kusiyana ndi mota.

Wophunzira ntchito, Mwami:
Nanga L298N, bolodi yoyendetsera mota ija, sigwira m'malo mwa ma relay?

Wa mawayilesi, Kamwendo:
Imadya mavoti awiri kapena kuposa mkati mwake n'kuwasandutsa kutentha, ndipo malire ake ndi 2A. Pa 8V ungabwerere pomwe unachoka.

Wa ma solar, Kapiri:
Chinthu chimodzi madala sanatchule: 8.4V isafike pa bolodi. Inapangidwira 6V, ndipo mota ya chiwongolero ikadali pa timatransistor take. Ikani LM2596, bolodi yotsitsa mavoti, pakati pa batire ndi bolodi ya galimoto, muitembenuze ifike 5.5V musanalumikize bolodi. Ndikunena 5.5 osati 5 chifukwa transistor imadyako pang'ono, ndipo relay ya 5V ikalandira pansi pa 3.8V imayamba kukayika. 7805, chip ina yotsitsa mavoti, musaike, imafuna 7V kuti igwire bwino, mota ikangokoka batire n'kutsika bolodi izizima.

Kutchaja: njira yotchipa ndi kuika mabatire mu holder kuti azichotsedwa, aliyense atchajidwe payekha pa kabolodi kotchajira ka TP4056 ndi tchaja ya foni. TP4056 ndi ya selo imodzi, musailumikize pa awiri otsatizana. Komabe kabolodi ka BMS ya 2S, koteteza mabatire awiri otsatizana, ikanimo, chifukwa mwana sasiya kusewera mpaka galimoto itaima, ndipo selo ya lithium ikatsitsidwa kwambiri imawonongeka. Ngati ndalama yathina, auzeni aphunzitsi awonjezere ya BMS. Pamenepa pokha musawachotsere.

Wa mafoni, Mchinji boma:
Ndamanga monga mwanenera. Ma relay akugunda bwino, pamchenga wa kuseri kwa shopu kakudutsa mosavuta, kakuponya fumbi. Koma pabuka ziwiri. Kakangotalikira pang'ono kakuyamba kudukiza, chiwongolero n'kumagwedezeka chokha, pomwe matayala ali m'mwamba rimoti ikufika patali. Chachiwiri, ndikasiya batani kakuima mwadzidzidzi, magiya akuchita kulira.

Wa mawayilesi, Kamwendo:
Choyambacho ndi phokoso la mabulashi. Tizimoto tomwe timathetheka mkati mwa mota timasokoneza 27MHz, monga mmene wayilesi ya AM imachitira wina akayatsa drill pafupi. Tenga ma capacitor atatu a 104, aja ofiirira onga mphodza. Imodzi pakati pa mapini awiri a mota, ina kuchokera pa pini kupita pa thupi la mota, yachitatu chimodzimodzi mbali inayo. Pala thupi la mota ndi fayilo kuti mtovu ugwire, miyendo ikhale yaifupi. Mawaya awiri a mota uwapote pamodzi ndipo adutse kutali ndi waya wa eriyo. Pa bolodi pomwe 5.5V ikulowera wonjezera capacitor ya 470uF. LM2596 nayo ili ndi phokoso lake, isagundane ndi bolodi.

Woluka mamota, Walilanji:
Kuima mwadzidzidziko n'chifukwa chakuti ma relay akapuma mapini onse a mota amakumana pa negative, mota n'kudzimanga buleki yokha. Mukafuna kufewetsa, dulani waya wa NC wa relay iliyonse muikepo diode yonyamula moto, monga 1N5408 ya 3A, mzere uloze ku negative. Poyenda moto udutsa bwinobwino, mungotaya mavoti osakwana imodzi, koma buleki ija ichoka ndipo galimoto izitsetsereka. Kutaya pang'onoko n'kwabwinonso, poti mota yanuyo ndi ya 6V.

Kagiya ka pa shaft musasinthe n'kuika ka mano ambiri. Mumchenga chofunika ndi kukoka. Tsukani bokosi la magiya, muchotse mchenga wonse, mupake girisi woyera pang'ono chabe, wochuluka amagwira fumbi. Kenako kayendetseni mphindi zisanu mugwire mota ndi chala. Ngati simungapirire kuwerenga mpaka 5, yatentha mopitirira.

Wa mafoni, Mchinji boma:
Ma 104 athetsa kudukiza, tsopano kakufika kutsidya kwa msewu. Ma diode ndaika, kakuima mofatsa. Mota ikufunda koma chala chikupirira. Aphunzitsi avomera kuwonjezera ya BMS. Ndiwalembera papepala kuti mabatire azitchaja okha akuluakulu, asawasiye padzuwa, ndipo galimoto ikakanirira mwana achotse chala.

Wa magetsi a galimoto, Mkanda:
Muwapatsenso fyuzi ziwiri zapadera, ndipo muwaonetse pomwe ili kuti asadzamangepo waya ikaduka.

Wophunzira ntchito, Mwami:
Achimwene a ku boma, musanatseke chivindikiro tajambulani mmene mwalumikizira ma relay mutiponyere. Kuno kuli kena kofanana, ka 40MHz, kakudikira pa shelefu.