Mapadi akale a PS2 pa laputopu, zimatheka?

Wachikanda:
Amwene ndithandizeni. Ndili ndi mapadi awiri osewerera magemu a PlayStation 2 (PS2), orijino aja olembedwa DualShock 2, PS2 yakeyo inasiya kuwerenga madisiki kalekale koma mapadiwo akadali bhobho. Pano ndikusewera gemu ya mpira ya PES pa laputopu ya Windows 10 ndiye pa kiyibodi zala zikuchita kupindika, anyamata ku hositelo akungondichinya mmene akufunira. Ndamva zoti kuli kaadaputa kolumikizira padi ya PS2 ku USB, kamagwiradi ntchito? Nanga kuno ku Zomba kangapezeke kapena mpaka Limbe?

MkuluWaMatawale:
Kamagwira aise, ine ndimaseweretsa komweko. Nthawi zambiri kamakhala kabuluu, mbali ina kali ndi mabowo awiri olowetsa mapadi mbali inayo USB, ndiye mapadi ako onse awiri alowa pa kamodzi komweko. Yamba wafunsa anyamata ogulitsa machaja ndi mamemore mumsikamu, ukasowa ndiye utume munthu ku Limbe. Popita tenga padi imodzi ndi laputopu ukayesere pomwepo, ena mwa maadaputawa amabwera bowo limodzi lili lakufa.

Ukalumikiza Windows imakazindikira yokha, dzina limabwera ngati Twin USB Joystick kapena lofanana nalo. Pa kiyibodi dina batani la Windows limodzi ndi R, lemba joy.cpl, pamenepo uona ngati batani lililonse likuyankha. Koma chinthu chimene anthu ambiri amagwa nacho ndi kabatani ka ANALOG kali pakati paja, ukapanda kukadina mpaka kagetsi kofiira kayake masitiki sagwira, munthu nkumati adaputa ndi yafeki chonsecho vuto ndi limenelo basi.

Chachiwiri, adaputayi imalankhula ndi kompyuta mwa njira yakale yotchedwa DirectInput, pomwe magemu ambiri atsopano amafuna XInput yomwe inabwera ndi Xbox 360 mu 2005. Nchifukwa chake umapeza mu joy.cpl zonse zili bwino koma ukatsegula gemu padi ili duu. Mwayi wako PES ilibe vuto limeneli, mufoda yake muli settings.exe, lowa pa Controller usankhe DirectInput kenako uike mabatani limodzilimodzi mmene unazolowerera.

Chinamwali_Boy:
Zonsezi za chani akulu, kungogula padi ya Xbox 360 yawaya nkhani yatha, ukangobaya pa USB ikusewera yokha palibe zoseta. Ine za maadaputa ndinatopa nazo, pa FIFA sitiki yakumanja inkachita zake, ukakankhira mmwamba iyo ikupita kumbali.

MkuluWaMatawale:
Ya 360 yo ndi yabwino sindikukana, koma yeniyeni uipeza kuti masiku ano? Zadzadza mmashopumu ndi zongofanizira, miyezi ingapo sitiki yayamba kuyenda yokha. Padi ya Sony imene ali nayo mnzathuyu ndi ya makina amene anatuluka mu 2000 koma mpaka lero ikudinika, osaitaya. Za sitiki yosokonekerazo zimakonzeka ndi x360ce, kapulogalamu kaulele kamene kamanamiza gemu kuti walumikiza padi ya 360. Mtundu wake wakale umauika mufoda momwe muli gemumo, ndipo uonetsetse kuti ngati gemu ndi ya 64-bit nawonso ukhale wa 64-bit, ukaphonya pamenepa sizigwira ngakhale ulire. Amene ali ndi Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu pa kompyuta, safunikanso zimenezi, amangoyatsa Steam Input ya mapadi wamba.

Nachisale_Sadzi:
Ndiwonjezereko pang'ono poti mwatchula ya 360. Yopanda waya ija musapusitsidwe ndi chingwe chake chotchajira, chimangotchaja basi, mabatani sadutsa mmenemo, pamafunika karisiva kake. Mchimwene wanga anawononga ndalama pa zimenezi. Ya PS3 nayo imalowa ndi mini USB koma Windows siitenga yokha, mpaka uike madiraiva ngati DsHidMini.

Iwe Wachikanda, kunjenjemera kwa padi usakuyembekezere kwambiri, maadaputa otchipawa amafuna diraiva yake yomwe imabwera pa kadisiki kakang'ono, ndiye malaputopu ambiri a masiku ano polowetsa disiki alibenso. Komanso mabatani a DualShock 2 amamva ngati wadina pang'ono kapena mwamphamvu, zimenezi pa maadaputa ambiri zimatayika, pa mpira sungaone kusiyana koma ukamasewera magemu ena a PS2 pa PCSX2, pulogalamu yosewerera magemu a PS2 pa kompyuta, uzazindikira.

Wachikanda:
Mwandithandiza heve. Ndakapeza kabuluu komweko, ndipo zoona masitiki anali zii mpaka nditadina ANALOG. Padi yoyamba ikusewera bwinobwino, yachiwiriyo batani la R2 likumafuna kulikanikiza kwambiri kuti limve. Nditsegule ndipukute ndi sipiriti kapena ndikaononga?

Nachisale_Sadzi:
Tsegula koma mofatsa, kapepala kapulasitiki kali mkatimo sikachedwa kung'ambika. Uone kaye karabala ka pansi pa R2 yo, kakakhala kong'ambika sipiriti sathandiza, uchotse kena pa padi yakufa.