Baler ya a Mbewe: ngongole yawo kapena katundu wa gulu?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Wapampando andituma kuti ndiike pano zomwe zili m'buku tisanakumane Loweruka, aliyense abwere akudziwa. Pa 12 Epulo a Mbewe anatenga K3,600,000 m'bokosi la gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, zogulira baler, makina omangira udzu m'mabelo. Chiwongola dzanja chathu ndi 10 peresenti pamwezi, ndiye kuti K360,000. Cha Meyi ndi cha Juni anapereka, zonse pamodzi K720,000. Julayi, Ogasiti ndi Seputembala sanapereke. Pofika lero buku likuti K4,680,000.

A Mbewe: Alembi, nambala imeneyo ine sindikuivomera. Masheya anga anali K900,000, ndipo lamulo lathu limati munthu abwereke masheya ake kuchulukitsa katatu basi. Ngongole yanga ndi K2,700,000. K900,000 yapamwambayo linaika ndi gulu, ngati gawo lake pa makina, kuti a ng'ombe azipeza mabelo a udzu motchipa. Mukawerengera bwino, chiwongola dzanja changa ndi K270,000 pamwezi. Chatsala ndi K630,000, kuphatikiza ngongoleyo K3,330,000. Imeneyo sindikukana ngakhale tambala.

NaPhiri: Gulu lake liti? Ine ng'ombe ndilibe, udzu ndiudyetsa chiyani? Sabata yotsatira ndinabwera kudzapempha K300,000 yokagula soya kwa Kamwendo, munandiuza kuti m'bokosi mwatsala zochepa ndidikire. Ndinadikira mpaka soya anakwera. Lero mundiuze kuti ndili ndi gawo pa chitsulo chomwe chakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira Meyi?

Msungichuma: Anaphiri, mawu amenewo asamveke ngati ndalama zinatuluka kuseri. Bokosi linatsegulidwa pamaso pa anthu 15, osunga makiyi onse atatu analipo, owerenga ndalama anawerenga kawiri. Ndinafunsa kuti kodi tikudumpha lamulo la katatu? Anthu anakweza manja. Ine ntchito yanga ndi kupereka zomwe msonkhano wavomereza.

NaPhiri: Anthu 15 mwa anthu 24. Enafe tinali kumaliro, munadziwa.

Wapampando: Alembi, tawerengani zomwe munalemba tsiku limenelo, mawu ake enieni.

Mlembi: Pali mizere iwiri. Woyamba: "A Mbewe K3,600,000, za makina omangira udzu." Wachiwiri: "Amembala a ng'ombe adzagula mabelo pamtengo wotsika." Zoti gulu lili ndi gawo pa makina sizinalembedwe. Zoti K900,000 ndi yapadera sizinalembedwenso.

A Mbewe: Sizinalembedwe koma zinanenedwa. Ndikanalonjeza bwanji mtengo wotsika popanda chifukwa? Ndipo makinawo si akufa ayi. Ndinawaona akumanga pa esiteti ija ku Kasungu ndisanapereke ndalama, belo linatuluka lolimba bwino, chingwe chitazungulira bwinobwino. Ndinaonjezerapo ndalama zanga za fodya, ndinalipira lole kuchokera kumeneko kudzera ku Kapiri. Vuto linadzakhala thalakitala ya alamu anga, yomwe tinagwirizana kuti ndi imene izikoka.

A Mwale: Popeza thalakitala yanga yatchulidwa, mundilole ndifotokoze, ngakhale zitalika.

Alamu anandiimbira foni ali ku esiteti komweko. Funso linali limodzi: kodi PTO ya thalakitala yanu, shafiti ya kumbuyo ija yozungulitsa makina, ndi ya 540? Ndinati eya, chifukwa ndi zoona. Massey Ferguson 135 imazungulitsa shafiti ya kumbuyo ka 540 pa mphindi imodzi injini ikafika pafupifupi pa 1,700, ndipo shafitiyo ili ndi mano 6. Baler ija nayonso ndi ya 540, mano 6, inalowa osavuta. Ikanakhala ya 1,000, ya mano 21 ija, bwenzi isanalowe n'komwe ndipo tikanadziwira pomwepo. Koma 540 ndi kathamangidwe ka shafiti chabe, sikunena za mphamvu. Yanga ili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, ma horsepower cha m'ma 45 ikadali yatsopano, ndipo yofika ku PTO imachepera pamenepo. Pano yakalamba, mphamvu zina zinapita. Baler yomanga belo la mita imodzi ndi theka ngati iyi imafuna thalakitala ya ma horsepower 65 kapena 70.

Tinakayesa m'munda wa udzu wa Rhodes wa anaBanda, iwo ndi mboni. Poyamba zinkayenda, udzu ukulowa bwino. Baler iyi ndi ya marola, chipinda chake sichikula kapena kuchepa, ndiye udzu umayamba wangogubuduzika momasuka m'katimo. Ukadzaza m'pamene marola amayamba kuupanikiza, ndipo apo ndi pomwe imafuna mphamvu zonse. Injini inasintha kulira, utsi wakuda tolotolo, singano ya kutentha ikukwera, kenako zii. Tinachotsa udzu wotsekera kukamwa ndi manja, tinayambanso pa giya yotsika, chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi chitseko cha kumbuyo chotulutsira belo. Chimakwera ndi mafuta a haidiroliki, ndipo yanga ilibe valavu yotumizira mafuta kunja. Tinabwereka valavu n'kumanga, chitseko chinakwera koma mochedwa kwambiri, pakuti pampu ya 135 ndi yaing'ono. Chachitatu ndi kulemera. Baler yopanda kanthu ili pafupifupi matani awiri, thalakitala yanga tani imodzi ndi theka. Potsetsereka cha kudambo inayamba kundikankha kumbuyo, mabuleki osagwira bwino. Apo ndi pomwe ndinati alamu, ine ndalekera pano.

A Mbewe: Alamu, koma makaniko uja anati pampu ya dizilo ikhoza kutsegulidwa pang'ono mphamvu n'kuonjezereka. Inu munakana.

A Mwale: Ndinakana ndipo ndikanabe. Kutsegula pampu kumangothira dizilo wambiri m'masilinda atatu omwewo. Utsi uchuluka, injini itentha, mapisitoni apsa. Thalakitala imeneyi ndi imene imalima minda ya theka la gulu lino mvula ikayandikira, ndipo masheya anga amachokera momwemo. Ikafa mu Meyi chifukwa cha udzu, mu Okutobala mudzalima ndi chiyani?

A Zulu: Funso langa a Mwale. Sizingatheke kumanga mabelo ang'onoang'ono, osadikira kuti chipinda chidzaze?

A Mwale: Pa baler ya malamba zimatheka, chifukwa malamba amapanikiza udzu kuyambira pachiyambi ndipo umasankha wekha kukula kwa belo. Ya marola ayi. Ukatulutsa lisanadzaze limatuluka lofewa, chingwe sichigwira, limangomwazika. Yoyenera 135 ndi baler ya mabelo ang'ono amakona anayi. Ija imayenda ndi ma horsepower 35 kapena 40, sifuna haidiroliki yotsegulira chitseko, ndipo belo lake la makilogalamu 15 kapena 20 munthu mmodzi amanyamula. Ndikanafunsidwa za kukula kwa makina ndikanatero.

A Mbewe: Ndiye bwanji simunandifunse inuyo kukula kwake pa foni paja? Mwini thalakitala ndinu.

Wapampando: A Mbewe ndi a Mwale, za pachilamu mukakambirane kunyumba. Pano tikufuna ndalama za anthu.

NaBanda: Zikomo wapampando. Ine ndinalipo tsiku limenelo ndipo dzanja ndinakweza nawo, ndiye ndinene zomwe ndinakwezera. Ng'ombe zanga zikafika Okutobala msipu utatha, mkaka umatsika mpaka kuchita manyazi popita nawo ku gulu la mkaka. Madeya okha sakwanira, ndipo amadula. A Mbewe atanena kuti tizimanga udzu wa Rhodes ndi masangwe a mtedza nthawi yokolola n'kusunga, ndinaona kuti ndi nzeru. Koma ine ndinamva kuti tikuwathandiza kuti agule makina awo, ife tidzagule mabelo motchipa. Za kukhala eni ake sindinamve. Tikanakhala eni ake bwenzi titasankha anthu awiri opita nawo ku Kasungu, monga tinachitira pogula mbewu.

Chinanso chomwe sitinachiganize tonse. Belo limodzi lomwe linatuluka m'munda mwanga lija, amuna anayi analephera kulikweza pangolo. Limaposa makilogalamu 300. Tinaligubuduza mpaka kukhola. Popanda chonyamulira cha kutsogolo kwa thalakitala, mabelo amenewa angatithandize bwanji ife a ng'ombe ziwiri zitatu? Udzu wotsalawo anyamata anamanga m'bokosi la matabwa monga mwa nthawi zonse, kupondaponda n'kumanga ndi chingwe, ndipo ndi umene ng'ombe zikudya pano.

A Mbewe: Amayi, ndiye mukundisiya ndekha?

NaBanda: Sindikukusiyani achimwene. Ndikunena zomwe makutu anga anamva. Koma sindingavomerenso kuti mulipire chiwongola dzanja pa K900,000 ija ngati kuti munaiba. Lamulo tinalidumpha tonse amene tinakweza manja, chifukwa tinkafuna udzu.

A Zulu: Ine ndikuona kuti tisalimbane kwambiri ndi K4,680,000 ya m'buku. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikakakamira nambala yaikulu munthu n'kulephera, mu Disembala tidzagawana mapepala, feteleza osagula. Tifunse kuti ndalama zenizeni zituluka kuti.

A Mwale: Zituluka mu baler momwemo. Alamu akunena zoona kuti si yakufa. Ndinaiyang'ana bwino: matcheni ali bwino, mano otolera udzu osoweka ndi ochepa, beringi imodzi ya rola ya pansi ndi imene imatentha, ndipo imeneyo isinthidwe msanga chifukwa beringi yotentha pafupi ndi udzu wouma imayatsa moto. Zoterezi zimapezeka ku Malangalanga ku Lilongwe. Pali bambo wina cha ku Mkanda ali ndi Massey Ferguson 290, ya masilinda anayi, ma horsepower cha m'ma 80, valavu ili kale. Amaweta ng'ombe zambiri ndipo anafunsapo za makinawa. Koma sangapereke ndalama asanaone belo likutuluka. Udzu woyesera ulipo, mulu womwe alamu anasunga m'chigafa, tingouyala m'mizere. Chofunika kuyeza kutalika kwa shafiti tisanalumikize, chifukwa ikatalika imakankha giyabokosi pokhota.

A Mbewe: Kugulitsa pano ndi kutaya. Nyengo ya udzu ndi Epulo ndi Meyi, mu Seputembala munthu adzandipatsa mtengo wachipongwe. Bwanji tipangane naye kuti chaka chamawa azikoka ndi 290 yake, tizigawana phindu? Ndalama za gulu ndibweza ndi mabelo.

NaPhiri: Chaka chamawa? Tikugawana mu Disembala uno a Mbewe. Ana anga sadya mabelo, ndipo wogulitsa feteleza salandira udzu.

Msungichuma: Pamenepo anaPhiri akunena zoona. Lamulo lathu limati ngongole zonse zibwerere tisanaphwanye bokosi. Sitinawolotsepo ngongole kupita chaka china, ndipo tikayamba ndi iyi aliyense adzafuna zomwezo.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Nazi zomwe ndikabweretse Loweruka kuti tivote. K3,600,000 yonse ndi ya a Mbewe, chifukwa ndi zomwe zili m'buku ndipo makina ali pakhomo pawo. Chiwongola dzanja chiwerengedwe pa K2,700,000 yokha kuyambira pachiyambi, chifukwa K900,000 inatuluka ndi manja athu. Ndiye kuti pofika lero ndi K3,600,000 kuphatikiza K630,000, zonse K4,230,000, ndipo mwezi uliwonse ukubwerawu K270,000. Tsiku lomaliza 30 Novembala. Baler ikhale chikole, isachoke m'mudzi muno popanda komiti kudziwa, ndipo ikagulitsidwa ndalama zifikire kwa msungichuma, zotsala ndiye zipite kwa a Mbewe. Zikaperewera, masheya awo atsekera.

A Mbewe: K900,000 ija ikundiwawa wapampando, chifukwa ndikudziwa zomwe zinanenedwa pakhonde paja. Koma sindikufuna nkhani ifike kwa amfumu. Ndipempha chimodzi, mtengo wogulitsira ndikhale nawo ponena, musangoupanga nokha.

Wapampando: Zimenezo n'zomveka. Inu, a Mwale ndi mmodzi wa komiti.

NaPhiri: Ine sindinathe. Chiwongola dzanja chomwe mukukhululukacho ndi K90,000 pamwezi, miyezi isanu ndi K450,000. Imeneyo ndi phindu la anthu 24. Asanu ndi anayi sitinakweze dzanja, sitinalipo. Bwanji tiluze nawo? Amene anadumpha lamulo agawane okha. Alembi tawerengani.

Mlembi: K450,000 kugawa kwa anthu 15 ndi K30,000 aliyense. Kugawa kwa tonse 24 ndi K18,750, ngakhale kwenikweni zimatsata masheya a munthu.

A Zulu: Anaphiri, tikayamba kulanga anthu chifukwa anabwera kumsonkhano, ndani adzabwerenso? Amene sanabwere analipira chindapusa cha kujomba chokha, ife obwerafe tilipire K30,000?

NaPhiri: Sitinajombe, tinali kumaliro a m'mudzi mwathu ndipo tinatumiza uthenga. Nkhani ya ndalama zochuluka choncho ikanadikira sabata imodzi.

NaBanda: Ine K30,000 ndilola kuti idulidwe pa gawo langa. Sindikukakamiza wina, ndikunena za ine.

Msungichuma: Ine sindilola. Sindinakweze dzanja, ndinali ndikugwira bokosi.

Wapampando: Zonse ziwiri zipita ku voti, kugawana tonse kapena anthu 15 okha. Alembi mulembenso mfundo ina yoti tikambirane: ngongole yodumpha katatu isamatuluke pokhapokha amembala onse atadziwitsidwa sabata imodzi isanafike. Loweruka 2 koloko, pakhonde pa mayi msungichuma, aliyense abwere ndi kabuku kake. A Mwale, mwini 290 angabwere liti?

A Mwale: Ndalankhula nawo pompano. Akuti Lachinayi m'mawa, koma dizilo wobwerera ndi wopitira akhale wathu, osati wawo.

NaPhiri: Asachoke m'bokosi.

A Mbewe: Dizilo ndigula ine. Alamu, mapaipi a haidiroliki aja anatsala kwanu, mubwere nawo Lachitatu madzulo pamodzi ndi girisi, tiyeze shafiti kusanade.