Dzanja lachita dzanzi, abwana akuti si IOD: titani kuno ku Joni?

aPhiri, Germiston: Abale, funso ili likubwerabwera m'gulu muno. Munthu wapakira makatoni zaka zambiri, zala zachita dzanzi usiku, phewa silikukwezekanso, koma palibe tsiku limene anagwa. Abwana akuti si IOD (injury on duty), kutanthauza kuvulala pa ntchito. Amene mukudziwa tithandizeni.

aNabanda, Pretoria: Achimwene, abwanawo akusokoneza dala. Lamulo la COIDA la 1993, la chipukuta misozi cha ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito ku South Africa, lili ndi makomo awiri: la ngozi ndi la matenda obwera ndi ntchito. Zoyamba pang'onopang'onozi zimalowera khomo lachiwiri. Mukadzaza W.Cl.2, fomu ya ngozi, adzafunsa tsiku ndi ola, mudzasowa choyankha, nkhani n'kufera pomwepo. Yanu ndi W.Cl.14, ya abwana ndi W.Cl.1, ndipo iwo ali ndi masiku 14 oti akanene ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira chipukuta misozi. Akakana, kaperekeni nokha ku Labour Centre.

aChisale, Epping: Ndiwonjezere. Za dzanja, chigongono ndi phewa, monga carpal tunnel, dokotala amalemba lipoti loyamba pa W.Cl.301, kenako lotsatira pa W.Cl.302. Koma pepala lomwe limagwetsa anthu ambiri ndi W.Cl.110, la mbiri ya ntchito. Musalembe kuti "general worker" basi. Lembani zoona zake mwatsatanetsatane: katoni yolemera makilo angati, mumanyamula kangati pa ola, shifiti ya maola angati, manja amakwera kupitirira mutu kapena ayi, grinder imanjenjemera m'manja nthawi yaitali bwanji. Tchulaninso makampani akale. Mukabisa, abwana atsopano amangoti munabwera nalo vutoli.

aPhiri, Germiston: Nanga tsiku lowerengera ndi liti, poti ululu unayamba kalekale?

aNabanda, Pretoria: Ndi tsiku limene dokotala anapeza matendawo koyamba, osati limene munayamba kumva kuwawa. Kuchokera pamenepo musachedwe kupereka claim, nthawi yake ili ndi malire. Ndipo ku kiliniki nenani kuti ndi za ntchito, alembe m'fayilo. Ambiri amangoti "dzanja likundipweteka", n'kulandira mapilitsi. Mlandu ukadzafika, fayilo ilibe mawu a ntchito ngakhale amodzi.

Malume Gondwe, Rustenburg: Za makutu ndi zina, ana anga. Amayerekeza ndi audiogram yoyamba, ija amakuyezani polowa ntchito ya phokoso. Kumva kukatsika ndi maperesenti opitirira 10 kuchokera pamenepo, m'pamene amalipira. Pemphani kope lake mudakali pa ntchito, kampani ikatsekedwa simudzalionanso. A m'migodi ndi a zitsulo nkhani yanu imapita ku bungwe la inshuwalansi la Rand Mutual, ambiri a zomangamanga ku lina lotchedwa FEM. Chifuwa cha fumbi la mgodi chili ndi lamulo lakelake, chimadzera ku MBOD, ofesi ya boma yoona matenda a m'migodi, ku Braamfontein.

aChisale, Epping: Msana ndiye wovuta, tisanamizane. X-ray ikaonetsa kutha kwa mafupa, amati ndi ukalamba. Pamenepo pamafunika kalata ya dokotala wa matenda a ku ntchito yolumikiza msanawo ndi katundu amene mumanyamula.

aNabanda, Pretoria: Akakukanani, pali fomu yotsutsa, W.G.29. Iperekeni msanga nthawi yake isanathe, ndi umboni watsopano wa dokotala, osati kudandaula chabe. Za ndalama: mukakhala panyumba mumalandira 75% ya malipiro, ndipo miyezi itatu yoyamba amalipira ndi abwana, iwo n'kukatenga ku Fund. Kulemala kukafika 30% kapena kuchepera, chipukuta misozi chimabwera kamodzi. Kukapitirira, ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Kusumira abwana kukhoti pa kuvulalako lamuloli silimalola, ndiye musataye ndalama kwa odzitcha maloya a pakona.

Mayi aNgozo, Randburg: Nanga ife a m'nyumba, manja atha ndi kuchapa ndi kusita?

aNabanda, Pretoria: Mulimo, mayi. Constitutional Court, khoti lalikulu la South Africa, inagamula mu Novembala 2020 kuti antchito a m'nyumba nawonso ali mu COIDA. Abwana akakhala kuti sanalembetse, mlandu ndi wawo, claim yanu imalandiridwabe. Konzani kope la pasipoti lodindidwa kupolisi ndi umboni wa malipiro, ngakhale ma SMS a ku banki. Dzina lilembedwe mofanana ndi la m'pasipoti pa pepala lililonse. Akakuchotsani ntchito chifukwa cha matendawo, imeneyo ndi nkhani ina: kadandauleni ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, masiku 30 asanathe.