Zomwe ndinapeza nditayeza oilo wa giyabokosi uja

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chomwe Toyota Corolla yanga ya otomatiki imachedwera kulowa giya m'mawa. Inu amene munandiyankha munandilangiza za kayezedwe ka oilo wa giyabokosi, choncho ndinayamba ndaiyendetsa kuchoka pa boma la Kasungu kukafika ku Chinkhoma kuti oilo atenthe, kenako ndinaiimika pamalo osatsetsereka injini ikulira, n'kudutsitsa giya m'malo onse mpaka kubwerera pa P, giya yoimikira galimoto. Nditapukuta dipstick (ndodo yoyezera oilo) n'kuiviikanso, oiloyo anali pansi pa mzere wa HOT, womwe oilo wotentha amayenera kufika, ndipo m'malo mofiira anali woderako, akununkha ngati chinthu chopserera. Kale ndinkayeza injini itazima, n'chifukwa chake ankaoneka wokwanira, ndipo kulakwa kumeneku kunali kwanga. Makaniko anapeza kuti akudontha pa gasiketi (chotsekera mpata kuti oilo asatuluke) ya pansi pa giyabokosi, choncho Loweruka tinasintha gasiketiyo ndi oilo yemwe.