Kompyuta ikuchedwa chiikireni Windows 11

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi kashopu kolemba makalata ndi kusindikiza mapepala ku Nchalo. Popeza Windows 10 inasiya kulandira zokonza zachitetezo pa 14 Okutobala 2025, ndinaika Windows 11, koma magetsi anazima ntchitoyo ili mkati, moti ndinachita kuyambiranso.

Chiyambire tsikulo, ndikatsegula Task Manager (poonera mapulogalamu amene akugwira ntchito) ndimapeza Windows Modules Installer Worker (pulogalamu yoika zokonza za Windows) itagwira disiki mpaka 100%, fani ikulira ngati chigayo, ndipo kasitomala amadikira kalata imodzi mpaka kutopa. Ndayesa sfc /scannow (lamulo lofufuza mafayilo oonongeka a Windows), koma sinapeze vuto. RAM (memore ya kompyuta) ndi 4 GB yokha.

Kodi ndiisiye Installer Worker imalize yokha, kapena mafayilo ena anaonongeka magetsi atazima? Kutentha kwathu kuno kuchigwa nakonso ndikukukayikira. Pa masiku 10 ololedwa kubwerera ku Windows 10, atsala atatu okha.