Ntchito inatha ku Moatize, ndibwerere kumudzi kapena ndidikirebe?

Dalaivala wa ku Domwe:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndagwira zaka 6 ndikuyendetsa galimoto za kampani ina yaing'ono yomwe imapeza makontrakiti ku mgodi wa malasha kuno ku Moatize, ndiye kontrakiti yawo itatha anatiitana tonse tsiku limodzi nkutiuza kuti zikomo, tidzakuyimbirani. Pano miyezi 8 foni ili zii. Kandalama kamene anatipatsa kathera lendi ndi chakudya, ma CV ndamwaza Tete yense mpaka nsapato yatha ndi dzuwa lakunoli. Bambo anga akuti bwera kuno ku Angónia munda ulipo, koma ine kunena zoona manyazi. Munthu ndinkafika pa Khirisimasi ndi thumba la mpunga ndi mafuta, ana kundithamangira, lero ndikatsike shapa (minibasi) pa Ulongwe ndi matiresi pamutu? Amene munadutsamo munatani?

Mlimi wa ku Tsangano:
Achimwene ine zinandionekera zomwezo, ndinali mlonda mu mzinda ntchito nkutha. Ndinakhala chaka chathunthu ku Matundo, dera la mu mzinda wa Tete, ndikudikira foni ngati inuyo, mpaka ndinagulitsa firiji, kenako TV, pomaliza ndinapita kumudzi komweko ndilibe ngakhale ya mbewu. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakacho. Ndikanapita kandalama kadakali mmanja ndikanayamba ndi feteleza wanga osati kupempha kwa alamu.
Za manyazi zo ndi za sabata ziwiri basi. Anthu amakamba pa chigayo, pa maliro, kenako wina wabereka wina wathawitsa mkazi wa mwini, nkhani yanu yaiwalika. Pano ndimalima mbatata ya kachewere kudimba ndipo amene amatidyera ndi a magalimoto, ife tilime miyezi itatu inayi iwo atenge tsiku limodzi kutsitsira ku Tete apindule kuposa ife. Inu muli ndi karta (laisensi) ya galimoto zazikulu, kuno nthawi yokolola eni malole amasowa dalaivala wosamwa. Osabwera kudzagwira khasu lokha ayi.

Mayi a Tadala:
Pepani mlongo wanga koma ndikufunseni, akazi anu akuti chani? Chifukwa mwatchula bambo anu, mwatchula anthu a pa Ulongwe, koma amene akuphika ndiwo za masamba tsiku ndi tsiku mnyumbamo simunawatchule. Amuna anga ntchito itatha ankadzuka mmawa kuvala yunifomu yakale ija kuti aneba asadziwe, kukakhala pansi pa mtengo tsiku lonse (ndinadziwa ndithu, ndimangowayang'ana). Chomwe chinatidyetsa ndi geni yanga ya tomato ndi kabichi ku msika wa Kwachena, ndi chipeleganyu cha azimayi anzanga. Khalani pansi awirinu muwerengere limodzi, mwina iwo atsale ndi ana amalize chaka cha sukulu inu mutsogole.

Kalaliki wopuma:
Mphwanga, musanakwere shapa konzani mapepala kaye, ambiri amalakwitsa pamenepa. Kampani ija ikupatseni setifiketi ya ntchito yolemba tsiku lomwe munayamba, lomwe munasiya ndi ntchito yomwe mumagwira, ndi ufulu wanu pa lamulo, ndipo makampani aang'onowa akatseka ofesi simudzawapezanso. Kenako pitani ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za ogwira ntchito, mukaone ngati ndalama zanu zimafikadi. Mwezi uliwonse kampani imayenera kupereka 7 peresenti, 3 yodula pa malipiro anu 4 yawo, koma alipo mabwana ena amadula pa pepala pokha ndalama osatumiza. Zaka 6 ndi miyezi 72 imeneyo, penshoni ya ukalamba imafuna miyezi 240, ndiye musaitaye. Ngakhale muzidzigwirira nokha ntchito mutha kumapitiriza kusonkha nokha.
Ndipo ngati mtima uli ku makina, ku IFPELAC, sukulu ya boma ya ntchito zamanja, amaphunzitsa zamagetsi, kuwotcherera ndi zina. Wowotcherera sagona ndi njala ngakhale ku Furancungo.

Mnyamata wa txopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu):
Ine ndiye sindikugwirizana ndi zobwerera kumudzi akuluakulu. Ntchito za ku mgodi zimamveka ndi amene ali pafupi, shefi (bwana) akafuna madalaivala asanu mawa sayimbira munthu ali ku Domwe makilomita 200 ndi kuposa, amatenga amene ali pa geti. Ine ndinabwereka txopela ya munthu, madzulo ndimamutumizira yake pa M-Pesa yotsala ndi yanga, si zambiri koma lendi ikutuluka. Kungoti msana ndi dzuwa eeh, October akafika mumachita kumva ngati mutu ukuwira.

Mlimi wa ku Tsangano:
Mphwanga wa txopela, pa geti pomwepo ndi pomwe ndinadyera firiji yanga ine kkkk.

Dalaivala wa ku Domwe:
Zikomo nonse. Amayi a Tadala mwandilasa, usiku ndawafunsa mayi akunyumba ndiye akuti iwo anaganiza kale kale zoti ndipite koma amaopa kundiuza. Za INSS sindinayambe ndaonako nkomwe, Lolemba ndilawira. Achimwene a ku Tsangano, eni malole amenewo amalipira pa ulendo kapena pa mwezi? Ndipo amayamba kufuna anthu mwezi uti?