Ping ikuyankha koma masamba sakutseguka: vuto lili pa application layer?

WaChibavi analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndimathandiza pa shopu ya achimwene anga kuno ku Chibavi, timasindikiza mapepala ndi kulembera anthu ma CV. Tili ndi makompyuta anayi a Windows 10 pa rauta imodzi ya SIM khadi. Sabata yatha rauta yakale inapsa, tinagula ina. Makompyuta awiri akuyenda bwinobwino. Yachitatu Chrome ikulemba DNS_PROBE_FINISHED_BAD_CONFIG, koma ndikalemba ping 8.8.8.8 (lamulo loyesa ngati seva ya Google ya nambala imeneyo ikufikika) ikuyankha popanda vuto. Yachinayi tsamba lililonse ikuti Your connection is not private, pansi pake NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, makamaka magetsi akazima n'kubwera. Printa nayonso ikukana kutumiza zimene tasikana ku imelo, pomwe kale sitinaziyesepo n'komwe. Kusukulu tikuphunzira OSI, dongosolo logawa ntchito za netiweki m'magawo asanu ndi awiri, ndipo ine ndinamva kuti application layer ndi Chrome imeneyi. Ndiye ndiichotse n'kuikanso? Data ndi yodula, sindikufuna kungoiwononga.

Katoto_Netiweki anayankha:

Achimwene, Chrome musaikhudze, ilibe mlandu. Application layer si pulogalamu imene mukuiona pa sikirini. Ndi malamulo a kalankhulidwe amene pulogalamuyo imatsatira polankhula ndi inzake yomwe ili pa seva. Chrome, Firefox ndi Edge ndi zinthu zitatu zosiyana, koma zonse zimalankhula HTTP. HTTP imeneyo, pamodzi ndi DNS, SMTP, IMAP, DHCP, NTP ndi SSH, ndiye application layer. Mu OSI ndi gawo la 7, la pamwamba penipeni.

Ping ikayankha, yakuuzani chinthu chimodzi chokha: njira yochoka pa kompyuta yanu kukafika ku adiresi 8.8.8.8 ndi yotseguka. Ping imagwiritsa ntchito ICMP, yomwe ili pa gawo la 3. Ndiye waya uli bwino, rauta ili bwino, bandulo ilipo. Koma inu mukalemba google.com, kompyuta sidziwa kopita mpaka itafunsa kaye kuti dzina limeneli nambala yake ndi chiyani. Wofunsidwayo ndi seva ya DNS, pa port 53 (port ndi nambala ya khomo la ntchito inayake pa kompyuta), nthawi zambiri kudzera pa UDP, imodzi mwa njira zonyamulira uthenga pa netiweki. Zili ngati mwafika pa depoti, maminibasi alipo, msewu uli bwino, koma palibe woti akuuzeni kuti kumene mukupitako kukwera kwake ndi iti.

Chitani izi pa kompyuta yachitatuyo. Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig /all, muone mizere iwiri: Default Gateway ndi DNS Servers. Kenako muyerekeze ndi kompyuta imene ikuyenda bwino. Ndikukhulupirira kuti mupeza gateway ili 192.168.8.1, yomwe ndi adiresi ya marauta ambiri a SIM khadi, koma DNS ikulozabe ku 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, adiresi ya rauta yopsa ija. Izi zimachitika munthu akalemba DNS pamanja kalekale, adiresi ya kompyutayo n'kuisiya kuti izibwera yokha ndi DHCP, njira imene rauta imagawira maadiresi. Rauta ikasinthidwa, adiresi imasintha yokha, DNS imatsala ikugogoda pa khomo pomwe anthu anasamuka.

Kuti mutsimikize, lembani nslookup google.com. Ikalemba DNS request timed out, yesaninso motere: nslookup google.com 8.8.8.8. Apa mwailamula kuti ifunse seva ya Google m'malo mwa yanu. Yachiwiriyi ikabweretsa manambala, vuto mwaligwira. Kukonza kwake: dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa khadi la netiweki, Properties, Internet Protocol Version 4, kenako sankhani Obtain DNS server address automatically. Mukafuna kulemba nokha, ikani 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1. Pomaliza ipconfig /flushdns, chifukwa Windows imasunga mayankho akale, ngakhale yankho loti dzina silinapezeke, mpaka nthawi yake itatha.

Zikakanikabe, pali malo awiri obisika. Loyamba ndi Proxy (seva yoima pakati pa kompyuta ndi intaneti) mu Settings, pansi pa Network & Internet; makompyuta ogula kaunjika ochokera m'maofesi nthawi zambiri amabwera ndi proxy ya kwawo. Lachiwiri ndi fayilo ya hosts, mndandanda wa mayina ndi manambala ake, mu C:\Windows\System32\drivers\etc. Dzina likalembedwa mmenemo, kompyuta sifunsanso DNS n'komwe.

Nyasulu_wa_Luwinga anayankha:

Za kompyuta yachinayi, yang'anani wotchi pakona pa sikirini musanachite china chilichonse. Muone chaka, osangoona ola lokha.

Masamba ambiri masiku ano ali pa HTTPS, yomwe ndi HTTP yobisa uthenga, port 443. Browser isanapemphe tsamba, seva imayamba yapereka satifiketi, ndipo satifiketi iliyonse ili ndi masiku awiri: tsiku loyamba kugwira ntchito ndi tsiku lothera. Zambiri zimakhala zaufupi, za Let's Encrypt (bungwe lopereka masatifiketi) mwachitsanzo zakhala zikuperekedwa za masiku 90. Kompyuta yanu imayerekeza masiku amenewa ndi wotchi yake. Ngati wotchiyo ikuti tili m'chaka cha 2012, satifiketi ya chaka chino imaoneka ngati sinayambe kugwira ntchito, ndiye browser imakana. Seva ilibe vuto, netiweki ilibe vuto.

Mwanena kuti zimachitika magetsi akazima, ndipo mfundo yake ili pomwepo. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka 3 volts. Ndi kamene kamasunga wotchi kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Kakatha mphamvu, kompyuta imasunga nthawi bola waya uli pakhoma ndipo moto ulipo, koma magetsi akangothima, tsiku limabwerera mmbuyo. Kusintha kwake n'kosavuta: zimitsani, zulani waya pakhoma, tsegulani bokosi, kankhani kachitsulo kogwira batire ndi chikhadabo, katuluka kokha. Katsopano kalowe mbali ya chizindikiro cha + ikuyang'ana kumwamba. Mabatire amenewa amapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi mtauni.

Mukayatsa, konzani tsiku ndi nthawi pamanja kaye, time zone ikhale UTC+02:00 Harare, Pretoria. Kenako mu Command Prompt yotsegulidwa ngati Administrator lembani w32tm /resync. Ndanena pamanja kaye chifukwa Windows imatha kukana kukonza yokha wotchi ikasiyana kwambiri ndi nthawi yeniyeni. Pa kompyuta yosakhala mu domain (netiweki ya ofesi yoyang'aniridwa ndi seva) malire ake ndi maola 15. Nthawiyo imatengedwa ndi NTP, UDP port 123, kuchokera ku time.windows.com. Onani apa: NTP imafuna DNS kuti ipeze seva ya nthawi, HTTPS imafuna nthawi yolondola kuti ivomereze satifiketi. Zonsezi ndi za application layer, koma ina imatsamira pa inzake.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, chifukwa pa shopu yanu anthu amatsegula maimelo awo ndi kulembetsa zinthu za sukulu ndi za ntchito. Musawaphunzitse kudina Advanced kenako Proceed. Chenjezo limenelo ndi lomwelo limene lingatuluke munthu wina atakhala pakati n'kumawerenga mapasiwedi awo. Akazolowera kulidumpha lero chifukwa cha batire, adzalidumphanso tsiku limene likunena zoona.

MzeeWaMaseva anayankha:

Anzanga afotokoza bwino. Ndiwonjezepo za printa, komanso pali pena pomwe wophunzira angasokonezeke.

Printa ikamatumiza sikani ku imelo imalankhula SMTP. Maprinta ambiri amabwera atalembedwa port 25, koma port imeneyo ndi ya maseva a imelo okhaokha akamapatsirana makalata, ndipo makampani ambiri opereka intaneti amaitseka pofuna kuchepetsa spam. Printa kapena pulogalamu yotumiza kalata imayenera kulowera pa 587 ndi STARTTLS, lamulo loyatsa TLS (njira yobisa uthenga) kulumikizana kutayamba kale, kapena 465 pomwe TLS imayamba pachiyambi pomwe. Ngati ndi Gmail, seva ndi smtp.gmail.com. Pasiwedi yanu ya tsiku ndi tsiku siigwira pa printa. Muyenera kuyatsa 2-Step Verification pa akaunti, kenako mupange App Password, ya zilembo 16, imeneyo ndiye mulembe mu printa. Tsegulani akaunti yapadera ya shopu, musaike yanuyanu m'makina omwe aliyense amawagwira. Muonenso kuti printa ili ndi gateway ndi DNS za rauta yatsopano, ndi tsiku lolondola, chifukwa matenda a makompyuta awiri aja akhoza kukhala mu printa momwemo. Ngati ndi yakale kwambiri moti imangodziwa TLS 1.0, maseva ena aikana. Fufuzani firmware (pulogalamu ya mkati mwa printa) yatsopano, apo ayi muzisikanira pa flash.

SMTP ndi yotumizira basi. Kulandira ndi IMAP pa 993 kapena POP3 pa 995. N'chifukwa chake Outlook imatha kumalandira makalata koma osatumiza: ndi makomo awiri osiyana.

Tsopano za mayeso. Achemwali a ku Luwinga aika nkhani ya satifiketi pa application layer. M'mabuku ambiri a OSI, kubisa uthenga amakuika pa gawo la 6, presentation, ndipo pali gawo la 5, session. Koma intaneti yeniyeniyi inamangidwa pa TCP/IP, yomwe m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 1122 cha 1989 ili ndi magawo anayi okha: link, internet, transport ndi application. Mmenemo mulibe session kapena presentation, ntchito zake zimagwera pa application. Ndiye onse akulondola, kungoti muziwerenga funso kuti likunena model iti. Ineyo ndimaona kuti OSI ndi yabwino pophunzira mayina, koma pokonza vuto magawo anayi aja ndi amene amathandiza. Ndipo malirewo sakhala oongoka nthawi zonse: HTTP/3, yomwe inakhazikitsidwa mu 2022, imayenda pa QUIC, njira yatsopano yonyamulira uthenga, pamwamba pa UDP 443, ndipo TLS 1.3 ili mkati mwa QUIC momwemo.

Mukafuna kuiona application layer ndi maso anu, Windows 10 ili kale ndi curl, kapulogalamu kopempha tsamba kudzera mu Command Prompt. Lembani curl -v --http1.1 https://example.com. Muona ikupeza adiresi, ikulumikiza pa 443, kenako mizere yoyamba ndi > ndi zimene kompyuta yanu yanena: GET / HTTP/1.1, pansi pake Host: example.com. Yoyamba ndi < ndi yankho la seva, HTTP/1.1 200 OK. Ndi mawu wamba owerengeka. Mzere wa Host uja ndi wofunika, chifukwa adiresi imodzi imatha kusunga masamba mazanamazana, ndipo seva imadalira dzinalo kuti idziwe tsamba lomwe mukufuna. Ndiye chifukwa chake kulemba nambala ya IP mu browser kawirikawiri sikutsegula tsamba. Nambala ya yankho nayo imakuuzani woti mumufunse: 404 tsamba kulibe pa adiresi imeneyo, 403 lilipo koma simukuloledwa, 500 pulogalamu ya pa seva yalakwitsa, 502 ndi 503 vuto lili kwa eni tsamba. Mukangoona nambala iliyonse mwa izi, dziwani kuti netiweki yanu yagwira ntchito mpaka kumapeto, musavutike ndi rauta.

WaChibavi anayankha:

Zikomo kwambiri akuluakulu. DNS inalidi 192.168.1.1, ndasintha ndipo yachitatu yatseguka. Yachinayi imati 2013, batire ndigula mawa. Funso lina laling'ono: makasitomala ena pa foni zawo WhatsApp imayenda koma masamba ayi. Nayonso ndi DNS?

Katoto_Netiweki anayankha:

Ngati ali pa data yawo, yambani mwafunsa bandulo imene anagula. Bandulo ya WhatsApp kapena ya social imalola maseva a mapulogalamu amenewo okha, zina zonse zimatsekedwa ndi kampani ya foni, ndipo palibe chimene mungasinthe mu foni. Ngati ali pa Wi-Fi yanu kapena bandulo ndi ya intaneti yonse, pa Android 9 kupita mtsogolo lowani mu Settings mufufuze Private DNS. Imagwiritsa ntchito DNS yobisika pa port 853, ndipo ngati munalembedwa dzina la seva lolakwika kapena la seva yosafikika, mayina onse amaleka kumasuliridwa. Ibwezeni pa Automatic, muzimitse Wi-Fi n'kuyatsanso, kenako muyese tsamba limene sanalitsegulepo tsiku limenelo.